Apongozi Akuphwanya Mapiritsi Ati Poti Akuyandama

Aphungu,

Ndithandizeni, mutu wanga waima. Amuna anga amakhoma malata pamadenga a nyumba, ndipo ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi atsopano. Adokotala anati amenewa amayandama m'mimba n'kumatulutsa mankhwala pang'onopang'ono tsiku lonse, choncho azimeza piritsi lathunthu akatha kudya.

Tsoka ilo, apongozi anga anabwera kudzakhala nafe. Iwowa chilichonse amayesa ndi madzi, kaya mazira, kaya mbewu. Chikayandama, ndiye kuti n'chowola. Tsiku lina anaponya piritsi limodzi m'tambula ya madzi, ilo n'kungokhala pamwamba. Anaomba m'manja amvekere, "Ndinanena ine! Akupatsani mphepo. Mankhwala enieni amamira."

Kuyambira pamenepo amaliphwanya ndi supuni pakambale, kulisungunula, n'kumwetsa mwana wawo. Sabata yatha bambowa anachita chizungulire ali padenga, mwayi mnzawo anawagwira malaya. Nditalankhula, anangoti, "Amayi anandilera, sangandiphe." Apongoziwo n'kuwonjezera kuti, "Iwe unamupeza atamera kale ndevu." Ndikaumirira, ati ndine wamwano. Ndili ndi mantha, Aphungu. Nditani?

Mayi E.T.

Mayi E.T.,

Abale inu! Ndiye kuti apongozi anu atsegula chipatala chawo kukhitchini, chida chake tambula ndi supuni? Mwamwayi sanaone sitima yapamadzi, akanati nayonso ndi yowola.

Piritsi si dzira. Limeneli analipanga dala kuti liyandame. Likakhala pamwamba pa chakudya silithamangira kumatumbo, limatsalira m'mimba n'kumadontheza mankhwala ngati mpopi wosatseka bwino. Kuyandamako ndiye ntchito yake. Akaliphwanya, mankhwala a tsiku lonse amalowa m'thupi nthawi imodzi. M'mawa kuthamanga kwa magazi kumatsika mopitirira muyeso, chizungulire chija n'chimenecho, pofika madzulo m'thupi mulibe kanthu. Munthu wotere n'kumukweza padenga?

Amuna anuwo nawonso andikhumudwitsa. Bambo wamkulu, woyenda pamalata osaopa, koma kungoona supuni ya amayi ake basi kukamwa yasa ngati khanda! Kulera anawaleradi, palibe akutsutsa, koma kulera mwana si kuphunzira za mankhwala.

Lero lomwe chotsani mapiritsiwo pamene apongozi amafikira, muzisunga nokha, ndipo muziona ndi maso anu kuti piritsi lamezedwa lathunthu atadya. Padenga asakwereponso mpaka ataonana ndi adokotala, ndipo kumeneko mukanene zonse. Zophwanyazo musakabise pofuna kuteteza ulemu wa banja.

Apongoziwo mupite nawo, ngati akufuna anyamule ndi tambula yawo. Munthu wamkulu sagonja kwa mkazi wa mwana wake, koma pamaso pa adokotala muona akugwedeza mutu, "Eee, ndimadziwa kale." Asiyeni adziwe kale, inu musaseke. Mukabwerako apatseni ntchito yoonetsetsa kuti mwana wawo wadya asanamwe mankhwala, manja amenewo akasowa chochita abwereranso ku supuni.

Za mwanozo, lolani akutcheni wamwano mwezi wathunthu, dzina silipha. Koma chenjerani: bambowo akadzagwa padenga, palibe adzatchule amayi awo. Abale onse adzatembenukira kwa inu n'kufunsa kuti, "Nanga mkazi wake anali kuti?"

Aphungu