Mzere Umene Unatsala Kunja kwa Kabokosi

Johannesburg
Lachiwiri

Achemwali Asiatu,

Assalamu alaikum. Muli bwanji kumeneko? Amayi ayamba kudya tsopano? Nanga miyendo yawo ija yaphwa? Ine thupi lili bwino, Alhamdulillah, koma mtima ayi.

Ndisanapite patali, pali zinthu zitatu zofunika kuti zidziwike. Choyamba, ngati tsiku la sadaka ya bambo ya masiku makumi anayi lingasunthe kapena ayi. Chachiwiri, ngati silisuntha, ndani auze amayi kuti mwina ine sindipezekapo. Chachitatu, tikiti ya basi, ndigule kapena ndisiye. Ziwiri zomalizazi zikudikira choyambacho, ndipo choyambacho chili m'manja mwa abambo aang'ono Che Abudu, popeza ndiwo akuyendetsa mwambo.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni ndalephera kawiri. Lamlungu lija mutandifunsa kuti ndinyamuka liti, ndinati netiweki yavuta. Netiweki inalibe vuto, ine ndi amene ndinaopa kukuuzani zoona. Kalatayi ndapatsira a Nasir, aja amanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno kupita ku Mangochi. Anyamuka mawa, ndipo akuti Lachisanu kapena Loweruka akhala atafika pa Malindi. Atandiona dzulo anaseka, amvekere mwa anthu onse a kwathu amene ali ku Joni, ndine ndekha amene ndikuonda nditakhala pampando wozungulira.

Ntchito yanga simunaimvetsepo, ndipo wolakwa ndine chifukwa sindinaifotokoze bwino. Che Abudu amauza anthu kuti ndimapanga makompyuta, inu mumati ndinakhala zaka zinayi ku koleji kuti ndizithamangitsa timadontho. Inu ndiye mukunena zoona. Kampani yathu ili ndi chida chimene olemba mapulogalamu amayesera mapulogalamu awo asanawapereke kwa anthu, kuti aone ngati akugwira ntchito molondola. Chidacho chili ndi buku lake la malangizo pa intaneti, masamba 412. Bukulo ndiye lakhala munda wanga zaka zisanu ndi chimodzi. Ndimaonetsetsa kuti mitu ili pamalo pake, matebulo ndi owongoka, ndipo chitsanzo chilichonse chili m'kabokosi kake kotuwa. Kabokosiko n'kofunika kuposa zonse. Pakona pake pali kabatani, munthu akakadina amakopera zonse zili m'katimo n'kukaziika mu pulogalamu yake. Ambiri sawerenga n'komwe, amangokopera.

Za bambo munandiimbira Lolemba m'mawa, ndipo pofika madzulo anali ataikidwa. Sindikudandaula, ndi mmene chipembedzo chathu chimafunira, ndipo ndinkadziwa kuyambira tsiku limene ndinakwera basi kuti zikhoza kudzatero. Ndinadzitonthoza ndi sadakayi. Ndinati dothi sindinaponye, koma pa dua, pemphero la pa sadakapo, ndidzakhalapo.

Lachiwiri lake ndinapita ku ntchito. Patebulo panga panali ntchito yokonza kayalidwe ka masamba onse, ya milungu isanu munthu akamaichita ndi manja. Ndinaganiza kuti ndikaimaliza msanga andipatsa tchuthi popanda mawu. Pali kapulogalamu kena kamene kamayala masamba pakokha. Zaka zonsezi ndakhala ndikukakana, mpaka anzanga kumandinena kuti ndinabadwa ndili nkhalamba. Tsiku limenelo ndinakalola kuti kadutse m'masamba onse nthawi imodzi. Sikanatenge ngakhale mphindi ziwiri. Ndinatsegula masamba asanu, ndinaona ali bwino, n'kutumiza. Asanu okha, achemwali, ine amene ndimabwerera kawiri kukagwira chitseko chimene ndakhoma kale.

Lamulo la pantchito ndi lakuti wina aone kaye zimene mnzake wasintha asanazivomereze. Abwana anga, mayi wina wa ku Durban, ataona kuti dzina ndi langa anangovomereza osatsegula. Anandiuza okha pambuyo pake. Akuti zaka zisanu ndi chimodzi sanandipezepo cholakwa, ndiye analeka kufufuza. Mawu amenewa anandipweteka kuposa chipongwe.

Panapita mlungu tisanadziwe kanthu. Kenako bambo wina wa dziko lina anatilembera, mwaulemu ndithu. Iye ndi anzake akupanga pulogalamu yogawira odwala nthawi yoonana ndi dokotala pa chipatala china chaching'ono. Anakopera chitsanzo chathu, ndipo mlungu wonse mayeso awo ankati zonse zili bwino, chonsecho pulogalamu ikuika anthu awiri pa nthawi imodzi. Ankafunsa kuti chida chathu chikunama bwanji.

Chida sichinaname. Kapulogalamu kaja kanatseka kabokosi msanga, mzere womaliza n'kutsala kunja, n'kumaoneka ngati mawu wamba. Mzere umenewo ndi umene umayerekeza zimene pulogalamu yatulutsa ndi zimene inayenera kutulutsa. Popanda iwo mayeso amayenda, osafunsa funso lililonse, n'kulengeza kuti munthu wakhoza. Nditafufuza ndinapeza kuti si tsamba limodzi. Kwina matebulo aphwasuka, mizere yathirana. Kwina masitepe asanu ndi awiri onse alembedwa nambala wani. Kwina chenjezo limene linayenera kukhala lofiira lalowa m'kati mwa ndime, munthu sangalione.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangobwezera mmene zinalili. Ndinayesa. Mlungu umenewo anthu khumi ndi mmodzi anali atalemba zatsopano pamwamba pa masamba owonongekawo, ndipo kubweza kukanafufuta ntchito yawo yonse. Njira yatsala imodzi: kutsegula tsamba lakale kumanzere, latsopano kumanja, n'kutsika nawo mzere ndi mzere. Chitsanzo chilichonse ndimachikopera ndekha, ndimachiyendetsa, kenako ndimawononga dala pulogalamu yoyeserayo kuti ndione ngati mayeso akuwa. Akapanda kukuwa ndiye kuti penapake mzere ukadali panja.

Abwana sanakalipe. Anandiitanira m'kachipinda ka misonkhano, anandipepesa za bambo, kenako anayala nkhani. Chida chatsopano chituluka Lachisanu, tsiku loti mawa lake ndi sadaka, ndipo bukuli liyenera kukhala litakonzeka. Mlungu wotsatira akufuna ndikhalepo kuti ndiziyankha amene apeze zotsalira. Tchuthi andipatsa pambuyo pake. Anawonjezera kuti kontrakiti yanga ikutha kumapeto kwa mwezi umenewo, ndipo za kuiwonjezera tidzakamba ntchitoyi ikatha. Sanafunike kunena zambiri. Pepala langa lokhalira kuno lapachikika pa kontrakiti imeneyo.

M'masiku khumi ndi atatu ndakonza masamba 170. Atsala 242. Ndikalimbikira ndimamaliza khumi ndi anayi patsiku, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, ndipo kufika Lachisanu limenelo kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi awiri. Ndachulukitsa kangapo, yankho silisintha: 238. Anayi akusowa. Mnzanga wina anati andithandiza, ndinamupatsa masamba khumi, koma atawabweza ndinawabwerezanso onse ndekha, ndiye palibe chimene tinapindula. Maso ayamba kundiwawa. Ndikayang'ana khoma ndimaona timabokosi totuwa. Lachisanu lapitali ku mzikiti ndinadzipeza ndikuwerenga mizere ya pa kapeti m'malo momvera ashehe.

Masiku onsewa m'maganizo ndikuona bambo atakhala pansi pa mtengo wa mango uja, ukonde wa chilimira ataukoka ndi chala cha kuphazi, akudutsitsa maso a ukonde m'zala zawo limodzilimodzi. Mukukumbukira mmene eni maukonde ankawafulumizitsira? Wina uja anawauza kuti pomwe iwo, Che Atumani, azidzamaliza kusoka, usipa udzakhala utakwatiwa n'kubereka ana. Bambo anangoseka osadzutsa mutu, n'kumuuza kuti bowo limene chala sichinalipeze, usipa umalipeza. Chizolowezi chimenechi ndi chokhacho chimene ndinatenga kwa iwo. Kusambira sindidziwa, bwato limandichititsa chizungulire, koma zala zawo ndinali nazo. Ndiye ndinazitaya tsiku lotsatira maliro awo, pofuna kuthamangira ku sadaka yawo yomwe. Kuthamanga si kufika, ndaziona.

Pempho langa ndi ili. Pitani kwa Che Abudu, inuyo nokha, osatuma munthu, mukawapemphe kuti sadaka isunthe ndi milungu iwiri. Apezeni atadya, asanapite ku msika. Muwauze zoona, kuti ndinalakwitsa ntchito ndipo ndikuikonza. Musawauze kuti ndikudwala kapena kuti abwana ndi ankhanza, chifukwa si choncho. Mukawakumbutse kuti sadaka ya azakhali a Mariya inasunthapo ndi masiku khumi chaka chija mvula inadula msewu wa ku Katuli, ndipo ashehe sanakane.

Yankho lawo ndikulimva kale m'makutu. Anena kuti makumi anayi ndi makumi anayi, si makumi asanu ndi mphambu zinayi. Anena kuti uthenga wapita kale ku Chiponde ndi ku Katuli, anthu akonzeka, ena apempha kale njinga zamoto. Anenanso kuti mvula ija inali ya Mulungu, pamene izi ndi za ineyo, Swadick. Mwina afunsanso kuti kabokosi kotuwa n'chiyani kuti kalepheretse mwana kubwera kwa bambo wake. Mukawayankhe mmene mungathere, ine ndalephera kudziyankha ndekha.

Akakana musandibisire ndipo musakometse mawu. Ndikabwera pa tsiku lakelo, ntchito yatha, pepala latha, ndipo ndidzakhala pakhomo ndi digiri yanga, munthu wa zaka makumi anayi wosadziwa ngakhale kupalasa bwato. Komanso masamba aja adzatsala mmene alili, anthu osadziwa kanthu n'kumakopera. Ndikatsala kuno ndiye kuti bambo ndawaphonya kawiri. Ndatembenuza nkhaniyi mbali zonse, palibe mbali imene ndingagonere.

Amayi musawawerengere kalatayi Che Abudu asanayankhe. Sabata yatha anandiuza kuti andisungira chisoti cha bambo cha ku mzikiti, choyera chija, ndipo akana kupatsa aliyense chifukwa akufuna ndidzachivale pa dua. Ndinawayankha kuti Insha Allah. Sindinayambe ndanenapo mawu amenewa ndi manyazi ngati tsiku limenelo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti azimwa mankhwala a miyendo ngakhale asakufuna kudya. Moni kwa alamu anga a Bilal, ndikuthokoza kuti ananyamula jeneza, chithatha cha maliro a bambo, pamalo panga. Moni kwa abambo aang'ono ndi banja lawo, kwa m'bale wathu Ajira ndi ana, ndi kwa abale a ku Katuli ngati wina angatsike.

Musadikire kuti a Nasir abwerere ndi yankho, masiku sakundilola. Mukangochoka kwa Che Abudu imbani, ngakhale muli panjira. Liwu limodzi likwana, eya kapena ayi. Foni ndiika pambali pa kompyuta, ndipo ulendo uno za netiweki sindinena.

Ndine mlongo wanu,
Swadick