Ndadula Bokosi Lanu, Amayi

Amayi, kumene muliko zili bwanji, kodi tulo mukulipeza? Ndine Filimoni. Kuno tilipo, koma ine ndakukwiyirani, ndipo sindibisa.

Ndiyambe ndi za pamudzi, poti munkadana ndi munthu wofikira pa mlandu asanapereke moni. Mlongo wanga Malita wabereka mwana wamkazi, amutcha dzina lanu. Mtedza wachita bwino, thonje lokha ndi lomwe mbozi zatidyera. Mbuzi yanu yopanda mwambo ija ikulowabe m'dimba la a Phiri. Ine ndidakali pamsika wa pa Boma, kukhoma zidebe ndi mbaula monga munandisiyira.

Tsopano nkhani yake. Titamaliza za maliro anu, bokosi lanu lamalata lija, lomwe kiyi wake munkamangira kunsonga ya chitenje, linagwera Malita. Kiyi anasowa, ndiye anandiitana kuti ndithyole loko. Pansi pa yunifomu yanu ya chigwirizano, m'kati mwa duku wakale, ndinapezamo kainjini kanga.

Musachite ngati mwaiwala. Kainjini kamkuwa koyendera nthunzi kaja, komwe a Mwale, aphunzitsi athu a sayansi, anandipatsa ndili giredi naini. Anati ndiseme kaboti, ndikhazikemo kainjiniko, tikaonetse pa mpikisano ku Chipata, ndipo wochita bwino akhoza kupeza malo pasukulu ya zaumisiri ku Migodi. Kaboti ndinasema. Chinatsala ndi kupanga chitsulo chokhazikapo injini basi. Sabata yonyamukira, kainjini kanasowa.

Ndinu munatchula Sitefano, mwana wa malemu mng'ono wanu, yemwe tinkagona naye mphasa imodzi. Munati mwamuona akutuluka ndi kanthu m'malaya. Amalume anamukwapula mudzi wonse ukuonerera, iye osayankha ngakhale liwu. Anasiya sukulu n'kupita ku Zemba kukaweta ng'ombe za eni. Dzina loti wakuba linamutsatira mpaka kokafunsira mkazi. Pa maliro anu sanabwere, ndipo anthu anamunena kuti ndi wosayamika, inu mutamulera.

Chifukwa chake ndikuchidziwa. Munkakonda kunena kuti, "Ku Migodi ndinaperekako mwamuna, sindiperekakonso mwana." Zoona, atate anapita osabwerera, ndipo ine mwandisunga, ndili pano ndi nyundo yanga. Koma mwana munaperekabe, Amayi. Munangosankha wa mng'ono wanu, wopanda womulankhulira. Kenako Lamulungu lililonse munkatsegula bokosi lomwelo kutenga yunifomu yoyera, kainjini kali pansi pake, n'kupita kukayambitsa nyimbo.

Ndiye bokosi lanu ndalidula. Malita analira, akuti ndi chokhacho chomwe mwamusiyira. Ndamukhomera lina latsopano, koma sakundilankhulabe bwino. Malata ena ndinali nawo ambiri pamsika, koma ndinafuna chivundikiro chanu chomwecho.

Mverani mmene ndachitira, poti ntchito imeneyi ndinu munaichedwetsa. Injini yotere siikhala pathabwa. Ili ndi kathanki kowiritsira madzi, pansi pake pamayaka moto wa sipiriti, ndipo ikayamba kuyenda imanjenjemera. Ikangokhala pamtengo, kaboti kapsa kapena injini isuntha. Ndinayamba ndadula katoni kuyeza m'mimba mwa kaboti katsopano komwe ndasema, popeza kakale kaja munasonkhezera moto. Katoniyo ndinaiika pachivundikiro n'kulemba m'mbali mwake ndi msomali. Penti wobiriwira ndinawawula pambaula n'kupala. Lata lake ndi lokhuthala, lakale, losiyana ndi za masiku ano zopindika ndi chala. Lumo lodulira malata linandisiyira matuza, ngakhale manja anga ndi okhakhala kale.

Nditadula ndinaliwongola pachidutswa cha njanji chomwe ndimakhomerapo zidebe, mpaka litagona fulati. M'mbali monse ndinapinda milomo yoyang'ana kumwamba, kuti lilimbe komanso kuti madzi ndi mafuta odontha asafike pathabwa. Pangodya ndinamata ndi mtovu. Chovuta chinali mabowo a mabawuti. Injini iyenera kuyang'anana ndendende ndi kamtengo kachitsulo kozunguza chopalasira madzi kumbuyo, ikapotoka pang'ono zimalimbana n'kuima. Lata loyamba ndinaboola molakwika, ndinalitaya. Mwayi wake bokosi lanu linali lalikulu. Lachiwiri linakhala, ndinasalaza ndi tupa, n'kuika timphira pansi kuti lata lisakhudze thabwa.

Kainjini nako kanali kolimba ndi dzimbiri lobiriwira, koma nditakatsuka ndi kukadonthezera mafuta a makina osokera, kanayenda. Zaka zonsezi m'duku wanu, sikanafe.

Sindinaonetse munthu aliyense pamsika. Ndinamanga kaboti pakaliyala n'kupalasa njinga mpaka ku Zemba. Sitefano ndinamupeza padziwe lomwetsera ng'ombe. Wachita imvi kuposa ine, ali ndi ana anayi, ndipo ng'ombezo mpaka lero si zake. Anandipatsa moni wa mlendo. Ndinamasula nsalu n'kumuonetsa, ndipo ndinamuuza komwe ndakapeza. Sanadabwe.

Ndinathira madzi m'kathanki, kuyatsa sipiriti, n'kukhazika kaboti padziwe. Kanayamba kulira ngati wotchi, kenako kananyamuka kokha kulunjika tsidya, ng'ombe zikudzutsa mitu. Lata lanu silinagwedezeke ngakhale pang'ono. Sitefano anakatsata ndi maso mpaka kanakakodwa m'mabango.

Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, bwanji simunakane tsiku lija?"

Iye anati, "Ndinawaona amayi akukakulunga m'duku. Iwonso anandiona kuti ndawaona."

"Ndiye bwanji osanena?"

"Iwe Filimoni, ndikananena kuti mayi ako ndi abodza, madzulo ake ndikanakadya kwa yani?"

Anavula nsapato, analowa m'madzi n'kukatenga kaboti, anandibwezera m'manja. Ndinamupempha kuti kakhale kake. Anakana, akuti m'nyumba mwake safuna chinthu chomwe anakwapulidwira. Ndinamupemphanso kuti adzafike kumudzi, iye anati kumudzi kwathu anthu akamuona amalowetsa nkhuku m'khola.

Mwamva, Amayi? Mwana ameneyu anakusungirani ulemu womwe inu simunamusungire. Munali ndi zaka zambiri zoti mulankhule. Ngakhale mukudwala, abusa atabwera kudzapemphera nanu, munawauza kuti mtima wanu ndi woyera, mulibe mangawa ndi munthu. Ine ndinali pambali panu ndikukupukutani thukuta, n'kumavomereza.

Ndimakukondani, ndicho chifukwa zikundiwawa chonchi. Manda anu ndidzalambula, udzu sudzamerapo ine ndili moyo. Koma tikakolola chaka chamawa tidzamanga chiliza chanu, ndipo mpingo ndi mudzi wonse zidzasonkhana, amalume nawo adzakhala pampando wakutsogolo. Akadzandipatsa mpata wolankhula monga mwana wamwamuna, ndikulonjeza kuti ndidzaima pamutu panu pomwepo n'kunena kuti Sitefano sanabe kanthu, ndipo ndidzatchula amene anabisa.

Ndine mwana wanu amene munamusunga,
Filimoni