Msuzi Umene Sindingaukane

Okondedwa achemwali a Gebia,

Ndikhulupirira muli bwino ku Moresby kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Kuno ku Daru tadzuka, koma ine mtima suli m'malo.

Mimba yakwana miyezi isanu. Alamu anu a Bagari akumirabe m'nyanja kugwira nkhanu zikuluzikulu zamichira zija. Monga mwa masiku onse, michira amagulitsa kwa a mafiriji otumiza kunja, mitu n'kubwera nayo kunyumba. Ndiye apongozi, mukuwadziwa, amati mitu ndi ya woyembekezera. Tsiku lililonse amandiphikira msuzi wake wothira kokonati, mafuta achikasu aja ali yandeyande, n'kukhala pomwepo mpaka ndinyambite mbale.

Sabata yatha kusikelo anamwino anatiuza kuti kunabwera anthu odzayeza nkhanu. Akuti zinyalala za kumgodi zikutsika ndi mtsinje kulowa m'nyanja, ndipo mtovu ndi zitsulo zina zimaunjikana m'mutu mwa nkhanu, m'mafuta momwemo. Sizinunkha, sizimveka m'kamwa, olo ubwatitse tsiku lonse sizichoka. Zimakafika kwa mwana m'mimba. Michira yopita kunja ija ndiye akuti ilibe vuto kwenikweni. Tsoka lakelo, ife a mitu!

Nditawauza apongozi anaseka, amvekere iwo anabereka ana asanu ndi awiri ndi msuzi womwewu, alipo wolumala? Kenako nkhope inagwa. Anati, "Iwe ukuti ine ndikumuthirira chiphe mdzukulu wanga?" Tsiku limenelo anagona osadya.

A Bagari nawo akuti ndisawachititse manyazi, mtengwa sakana mbale ya apongozi. Akutinso nditseke pakamwa, ogula akamva asiya kubwera, ndiye tidya mchenga? Ndinayesa kukhuthula msuziwo kuseri kwa nyumba, agalu polimbirana anandiulula.

Achemwali, ndili ndi mantha. Chonde ndiitanitseni. Auzeni a Bagari kuti mwendo uja wavuta, mukufuna munthu wokuthandizani. Inu ndinu aakulu, sangakukanireni. Ndizichapa, ndizisesa, olo pakhonde ndigona, bola ndikachirire kumeneko.

Musachedwe, mwana wayamba kugunda. Lero wagunda ndili pakati pa kudya. Apongozi anaika dzanja pamimba panga, akumwetulira, amvekere mwaona, akuufuna msuzi. Ndamaliza mbale yonse.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo muzinditchula popemphera.

Ndine mng'ono wanu,
Sawia