Abambo Aiwala Dzina Lawo Lobwereka

Alexandra, Joni
14 Julaye 1992

Okondedwa achimwene Maliki,

Salaam aleikum. Choyamba ndifunse za moyo wanu, wa alamu anga a Sakina ndi ana onse kumeneko ku Namwera. Ndamva kuti chilala chakupwetekani chaka chino, chimanga chinauma chisanabereke. Pepani kwambiri. Ife kuno tili moyo, kungoti kukuzizira koopsa, ndipo bondo langa lija likundivutabe ndikamakwera masitepe kunyumba ya adona ku Fourways.

Kalata yanu ndinalandira, ndipo sindibisa, inandikwiyitsa. Mwalemba kuti ndisatumizenso ndalama zochokera kwa abambo chifukwa ndi haramu. Mwati munthu wodya penshoni m'dzina la wakufa ndi wakuba, ndipo inu mulibe bambo wotchedwa Mthethwa. Chabwino amwalimu, ndamva. Koma Aufi, mnzanu amene anabwera kumeneko pa Idi, anakuuzani theka la nkhani. Imvani yonse, kenako muweruze.

Chaka chimene anthu athu a ku Wenela ankabwezedwa kumudzi, abambo anatsala. Mgodi unali utawadya kale chifuwa, ndipo m'manja munalibe kanthu koti akaonetse kwa amayi. Iwo amati anachita manyazi. Anapeza kachipinda kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa Chizulu, Mayi Muriel Mthethwa, kuno ku Alexandra. Masiku amenewo munthu wopanda chitupa ankagwidwa ngati nkhuku.

Amuna awo a Mayi Muriel, a Vusi Mthethwa, anali atamwalira kwawo ku Natal, ndipo imfayo palibe anakaiuza boma. Mayiwo anatsala ndi ana komanso chitupa cha malemu. Anagwirizana ndi abambo, kalaliki wina anapatsidwa kangachepe, chithunzi chinasintha, chala chinadindidwa. Kuyambira pamenepo a Suwedi Tawakali anasanduka Vusi Mthethwa. Zaka zitakwana anayamba kulandira ndalama za okalamba, ndipo amagawana pakati ndi mayiwo mpaka lero.

Ndi bodza, inde, sindikukana. Koma achimwene, tandiuzeni. Munthu analowa pansi pa dziko lino ali mnyamata, natulukamo akutsokomola magazi. Boma likuti iye sayenera kulandira kanthu chifukwa anabadwira ku Mangochi. Golide wake sanamufunse kobadwira ayi. Amayi awo a adona anga amalandira penshoni yoposa ya abambo kutalitali, chonsecho sanagwireko fosholo chibadwire, ndipo yawo imawapeza ku banki, saima pamzere padzuwa. Ndiye wakuba pamenepa ndi abambo okha? Malata amene akukutetezani ku mvula anachokera m'ndalama zomwezo, koma zimenezo tizisiye, ndisalankhule zambiri.

Chimene ndalembera ndi china. Abambo mutu wayamba kutha.

Zinayamba pang'onopang'ono. Ankaiwala ketulo pamoto, kenako anasochera pochokera ku mzikiti, ana a anthu n'kuwabweretsa atawagwira dzanja. Tsopano Chizulu chonse chimene analankhula zaka zonsezi chachoka m'kamwa, chatsala Chiyao ndi Chichewa basi. Mayi Muriel akawalankhula amangowayang'ana mwaulemu ngati mlendo. Chodabwitsa n'chakuti swala saiwala, amaswali bwinobwino osaphonya liwu.

Tsiku la malipiro lapitali ndinapempha kwa adona kuti ndiwaperekeze ku holo kumene okalamba amalandirira. Mzere unali utazungulira mpanda, agogo ena atabwera nawo pa wilibala. Tsiku limenelo kunabweranso bwana wina wochokera ku ofesi yaikulu, akuti akusaka anthu olandira m'maina a akufa. Anaima kumbuyo kwa kalaliki, manja m'thumba.

Kalaliki anaitana Vusi Mthethwa. Abambo anangokhala phee pabenchi, akuyang'ana nsapato zawo. Anaitananso. Ine ndinawadzutsa n'kuwakokera kutebulo. Kalalikiyo, mtsikana wamng'ono ndithu, anawafunsa m'Chizulu kuti mkhulu, ndiye kuti agogo, dzina lanu ndani. Ine ndinafuna kuwayankhira, koma bwana uja anakweza dzanja kuti ndikhale chete.

Abambo anawongoka, anakonza chisoti chawo, nayankha mokweza ngati ali pa ukwati wa nikahi:

"Ndine Suwedi Tawakali, wa ku Namwera, Mangochi."

Achimwene, m'maganizo mwanga ndinaona abambo ali m'galimoto ya apolisi, ine pambali pawo.

Anatipulumutsa ndi agogo a pamzere. Mayi wina wonenepa, sindimudziwa n'komwe, anayamba kuseka, akuti mkhulu ameneyu amamudziwa, ndi Mthethwa wa kumtunda, mizimu inamugwira chaka chatha ndipo amalankhula malilime. Ena anavomereza, wina mpaka analumbira kuti anavina pa ukwati wake ku Natal. Onsewo akudziwa kuti ndife a ku Nyasa, koma palibe anatiloza chala. Bwana uja anayang'ana chithunzi, nayang'ana nkhope, nalola kuti adinde chala. Koma anati mwezi wamawa aliyense wokayikitsa adzalowa yekha m'chipinda kukafunsidwa, popanda womuperekeza.

Ndiye ine, mlongo wanu wopusa, ndinaganiza zowaphunzitsa. Ndikaweruka kuntchito ndinkakhala nawo pabedi n'kumawabwereza ngati mwana wa Sitandade Wani. Dzina lanu ndi Vusi Mthethwa, kwanu ndi ku Natal, nenani. Iwo ankangomwetulira. Ndinayesa kuwanyengerera ndi tiyi, ndinayesa kuwaopseza ndi apolisi. Lachisanu lapitali ndinatopa, ndinawakalipira, ndikuti inu ndinu Vusi, Vusi, mukumva?

Anandiyang'ana kumaso. Kenako anagwira dzanja langa, misozi ili mbwee, nati:

"Mwanasha, mwana wanga, nawenso wandiiwala?"

Ndinatuluka panja n'kukalira kuseri kwa chimbudzi. Kuyambira tsiku limenelo sindinawatchulenso dzina lija, ndipo sindidzawatchula. Mwezi wamawa ku holo sitipita, ndalamazo zipite.

Ndinawauza Mayi Muriel. Theka lawo lija ndi limene amadyetsera zidzukulu zawo, ana a mwana wawo wamkazi amene anamwalira. Anandifunsa kuti nanga iwo azidya chiyani, poti zaka zawo zolandirira sizinakwane. Komabe m'mawa mwake anabwera ndi phala la abambo monga mwa masiku onse. Mukamawerenga akuba m'mapemphero anu, mayi ameneyu mumudumphe.

Tsopano pempho langa ndi ili. Abambo akapanda kuoneka ku holo, anthu aja adzabwera kudzawafuna kunyumba. Ndipo akamwalira kuno, pepala la imfa lidzalembedwa Vusi Mthethwa, munthu wa mpingo wa Ziyoni. Ndikufuna abwere kwathu akadali ndi mpweya. Ndinapita ku ofesi ya dziko lathu ku Pitoliya. Anandilandira bwino, koma anati munthuyu alibe pepala lililonse la ku Malawi, ndiye sangamupatse chiphaso chaulendo pongomva za ine. Akufuna mwana kapena m'bale amene ali kumudzi apite kwa a DC ku boma, akalumbire kuti Suwedi Tawakali ndi wa kumeneko ndipo adzamulandira. Za ulendo musadandaule, a Sidi oyendetsa lole avomera kuwatenga, ndipo ine ndidzakhala nawo.

Abale a abambo onse anatha. Mwatsala ndinu.

Ndikudziwa chimene chili mumtima mwanu. Anatisiya tili ana, amayi anamwalira akuyang'ana kumsewu, ndipo munakumba manda awo ndinu, mnyamata wosakwatira. Inenso nditawapeza kuno koyamba ndinatha mwezi osawapatsa moni. Sindikuti muwakhululukire, zimenezo ndi za inu ndi Mulungu. Mwina sadzakuzindikirani n'komwe, chifukwa Maliki amene amamufunsa m'mawa uliwonse ndi kamwana kosavala, amati kasasewere pafupi ndi chitsime.

Munalemba kuti mulibe bambo wotchedwa Mthethwa. Mwanena zoona, ndipo iwo eni ake akuvomerezana nanu, mpaka ananena pamaso pa boma. Ine ndikufunsa za Suwedi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa ana anu Habiba ndi Majidu, kwa amayi aakulu a Saida ngati akumvabe, ndi kwa a shehe. Ndaika kandalama pang'ono kogulira chimanga. Musaope, ndi ka thukuta langa, ndakolopa nyumba ya eni kuti ndikapeze. Mulungu akusungeni nonse ndipo akupatseni mvula chaka chamawa.

Yankhani msanga, achimwene, mwezi suchedwa kutha. M'Joni monse muno, otha kulumbira kuti munthuyu ndi Suwedi Tawakali tilipo awiri, ine ndi iwo eni ake, ndipo boma silimvera wantchito wa m'nyumba kapena nkhalamba yosokonezeka. Pitani ku boma mukanene kuti ndi bambo anu.

Ndine mlongo wanu,
Mwanasha Suwedi