Chala Chokana Mphete

14 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno zokonzekera ukwati wa mwana wanu Namwino zili mkati. Holo tapeza, makadi tagawa, diresi lapachikidwa kuseri kwa chitseko, ndipo mlamu wanu akuyenda monyang'wa ngati mkwatibwi ndi iyeyo. Koma ndalemba kuti ndikupempheni chinthu cholemera: mubwere mudzamugwire mkono mwanayu pa tsiku lake, chifukwa dzanja langa walikana.

Masabata awiri apitawo, Loweruka masana, mkamwini wathu, mnyamata wokonza magetsi uja, anabwera kudzayesa mphete pabalaza. Ya Namwino inalowa bwinobwino, koma yake inakakamira pakati pa chala. Tinapaka sopo, tinapaka mafuta, osatheka. Chalacho n'chopindika, mfundo yake yotupa ngati ya nzimbe. Ine ndi pakamwa pangapa ndinayamba kuseka.

"Kodi mkamwini, chalachi munachipana ndi pulayala?"

Anayang'ana pansi. "Ayi aphunzitsi, ndi inuyo. Kalasi yachinayi, desiki ya pawindo. Ndinkalembera kumanzere."

Achimwene, ndaphunzitsa zaka makumi atatu, ana amanditchula Mphenzi, ndipo dzinalo ndinkalinyadira. Nkhope yake ndinali nditaiwala, koma tsikulo linandibwerera lonse. Ndinakanikiza kadzanja kake pa desiki n'kumenya ndi msana wa dasitala yathabwa. Kachitatu chala chinalira kuti thyo! Magazi anadonthera pa kope, ine n'kumulamula kuti alembenso ndi dzanja lamanja asanapukute misozi. Kwawo anakanena kuti wagwa pa mpira.

Namwino ankasita nsalu za pa matebulo pakona. Sindinaone mmene anandifikira. Anandigwira dzanja n'kulimenyetsa pa tebulo, simbi yotentha ili m'mwamba, kutentha kwake ndikukumva pakhungu.

"Tambasulani zala, bambo! Si mmene munkawauzira ana a eni ake?"

Mayi ake anakuwa. Simbi inatera pambali pa zala zanga, galasi la tebulo n'kuphwanyika, chidutswa n'kundicheka chikhatho. Pamaso pa mwana wanga yemwe, manyazi anandigwira kuposa mantha.

"Dzanja limeneli silindiperekeza ku ukwati wanga," anatero Namwino, n'kumenyetsa chitseko.

Amene anandimanga bala ndi mkamwini yemweyo. Anamanga mosamala, ndi chala chokhota chomwecho.

Lolemba ndili m'kalasi ndinakweza mkono kuti ndikande mutu, mzere wonse wakutsogolo n'kubisa mitu. Ndinafunsa kamtsikana kena zisanu ndi ziwiri kuchulukitsa kanayi, kanayankha ngati nyimbo. Nditakapatsa zitsekerero za mabotolo kuti kandionetse tanthauzo lake, kanangolira. Zaka zonsezi ana anga amaphunzira mkono wanga, masamu ayi. Ndodo yanga yokwapulira ndinaithyolera pa bondo iwo akuona, n'kuwauza kuti aliyense alembere dzanja limene akufuna. Ana atatu anasuntha mapensulo pang'onopang'ono, maso ali pa ine. Tsopano timawerengera zitsekerero m'magulu, phokoso lili thoo, moti ahedi anasuzumira pawindo kudzaona ngati Mphenzi wadwala.

Pali china chimene sindinakuuzenipo. Bambo akamakumangirirani dzanja lamanzere ku mwendo wa mpando ndi lamba, amene ankakaneneza kuti mwalemberanso kumanzere ndinali ine. Ndinkaima pakhomo kuwerenga zikwapu, ndikusangalala kuti wabwino ndine. Mutachoka osabweranso, ngakhale pa maliro awo, ndinkauza anthu kuti ndinu wamakani. Ndikhululukireni, Achimwene.

Mphete taipereka kwa wosula kuti aikulitse, poti chala sichingawongokenso. Namwino sakundilankhulabe, koma ndinamumva akuuza mayi ake kuti bambo aakulu akabwera, iwo angamugwire mkono. Ukwati ndi pa 9 Novembala. Ine ndidzakhala kumbuyo, ngati angandilole kulowa.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Mlamu wanu akupereka moni. Mukaona zilembo zokhotakhota ngati za mwana woyamba sukulu, musadabwe. Bala lapola, koma kalatayi ndailemba dala ndi dzanja lamanzere kuti ndimve kulemba ndi dzanja losakhala lako. Yanditengera masiku atatu, popanda wondiimirira kumbuyo ndi lamba.

Ndine mng'ono wanu,
Mphunzitsi