Kompyuta Imene Inkakana Dzanja Langa

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi msana uja ukukulolani kukhala pa makina, kapena mukungoumiriza monga mwa khalidwe lanu? Amayi anandinong'oneza pa foni kuti magalasi atsopano aja mumavala pokhapokha akakukalipirani. Muzivala, Bambo, bowo la singano silidzakula chifukwa cha inu. Nanga amayiwo miyendo ikuwalola kuyenda? Ine kuno ndili bwino, ndipo lero ndikulemba mtima uli m'malo. Mwezi wathawu sindikanatha kunena choncho.

Mukukumbukira kuti pa shopu yosokera ino anandilandira mongondiyesa. Abwana ananena kuti akakhutira nane adzandilemba ntchito yokhazikika, ndipo ine ndinali nditamulonjeza kale mdzukulu wanu Mafunso kuti zikatero ndidzabwera kudzamutenga sukulu ikatsekera, tizidzakhala limodzi. Lonjezo limenelo linatsala pang'ono kundipulumuka m'manja. Chimene chikanandichotsetsa ntchito si kusoka ayi, ndi kompyuta.

Kuno patani sajambula ndi choko pa nyuzipepala ngati mmene mumachitira inu. Makasitomala akuluakulu, monga a mahotela, amatumiza patani yawo pa intaneti. Ife timaisindikiza pa mapepala, n'kuwamata pamodzi, kenaka n'kudulira nsalu. Kompyuta ndi imodzi yokha, imakhala pakona pafupi ndi tebulo lositira, ndipo ntchito yosindikizayi ndimasinthana ndi bambo wina wosoka majekete, amene tonse timangowatcha a Jekete.

Vuto linali lakuti a Jekete akakhalapo, kompyuta inkayenda bwinobwino. Ndikakhalapo ine n'kutsegula patani, inkayamba kulira ngati lole yokwera chitunda, kamuvi ka pasikirini n'kuuma, kenaka sikirini yonse bii! Tsiku lina inafa tili pakati pa oda yaikulu ya maepuloni a kuhotela, ndipo miyezo yonse imene a Jekete analemba m'mawa umenewo inapita nayo. Oda inachedwa, kasitomala anakalipa mpaka ife a kumbuyo tinamva mawu ake akutuluka mu foni ya abwana.

Inu mukudziwa mmene atelala timaganizira. Timati makina amazolowera phazi la mwini wake, wina akapondapo amadula ulusi. Ndiye shopu yonse inagamula kuti kompyuta yakana dzanja langa. A Jekete ankandiuza kuti ndiziyamba ndaipatsa moni, mayi wina wa mabatani n'kunena kuti tiidonthezere mafuta a makina mwina ingafewe mtima. Ndinkaseka nawo, koma kunena zoona, Bambo, ndinkakalirira kuchimbudzi.

Abwana anainyamula kupita nayo kwa wokonza makompyuta. Munthuyo anapopa fumbi la nsalu lokwanira kupangira pilo, anaiyesa mbali zonse, osapeza nthenda. Akuti anafunsa kuti kodi imafa munthu akuchita chiyani kwenikweni, abwana n'kungoyankha kuti akugwira ntchito. Inabwerako yoyera mbee, ndipo m'mawa womwewo inafera m'manja mwanga.

Apa abwana anandiitanira mu kaofesi kawo. Si munthu woipa. Ananena kuti kusoka kwanga alibe nako chifukwa, koma akufuna munthu woti azitha ntchito zonse, ndiye tiona mwezi ukamatha. Ndinatuluka n'kubwerera pa makina. Madzulo ake Mafunso anandifunsa pa foni ngati anyamulenso chikwama chake cha kusukulu pobwera kuno, ine n'kumuyankha kuti tikambirana, ndipo ndinadula foni msanga.

Tsopano ndikuuzeni za munthu amene ndikufuna muzimutchula m'mapemphero anu. Pa shopu pano pali mayi wodula nsalu, wamkulu ndithu, wamfupi, magalasi ake amalendewera pa chingwe. Timawatcha Mayi Sizasi, ndipo dzinali silinachokere ku ntchito yokha, pakamwa pawonso pamadula. Chibwerere changa anali asanandisekererepo. Sabata yanga yoyamba anandisomoletsa kolala yonse chifukwa mbali ina inapendekera pang'ono, moti ndinkawazemba ngati ndawalakwira.

Tsiku lotsatira, nthawi ya nkhomaliro, anthu akutuluka, mayiwa anandiuza kuti nditseke kontena yanga ya chakudya ndikakhale pa kompyuta. Ananena kuti za makompyuta sadziwa ndipo alibe nazo khumbo, koma zaka zonse zimene akhala m'mashopu sanaonepo makina odana ndi munthu. Anati makina akamadumpha posoka suthamangitsa telala. Umasintha singano yokha, n'kuyesa pa kansanza. Zikakanika umasintha ulusi wokha, kenaka bobini yokha, mpaka wolakwa aonekere. Zinali ngati ndikumva inu.

Anawabweza a Jekete pakhomo, chakudya chili m'manja, n'kuwalamula kuti asunge kaye ntchito yawo yonse, kenaka atsegule patani yakale yopanda ntchito. Imeneyo ndiyo inali kansanza kathu. Mayiwa anaima kumbuyo kwathu, manja m'chiuno, maso pa zala. A Jekete anadina, zinayenda. Ndinatsegula ine patani yomweyo, inafa. Tinayatsanso, n'kubwereza pang'onopang'ono. Apa mayiwa anamenya tebulo n'kunena kuti anthu awirife sitikuchita chinthu chimodzi.

Zinalidi choncho. A Jekete amadina kachizindikiro kotsitsira patani mu kompyuta, n'kuitumiza kosindikiza osaiona n'komwe. Ine ndimadina pa patani penipenipo kuti itseguke pomwepo pa intaneti, ndiione yonse kaye. Pamenepa mlandu ndi wanu, Bambo. Ndinu munandiphunzitsa kuti munthu sagwira sizasi asanayale nsalu yonse n'kuiyang'ana.

Tinamuimbira wokonza makompyuta uja n'kumufotokozera zimenezi. Anakondwa zedi, akuti n'zimene ankafuna kumva kuyambira pachiyambi. Anatifotokozera kuti pulogalamu yotsegulira intaneti, imene amati bulawuza, imakhala ndi timapulogalamu tina towonjezera, ngati matumba osokerera pa malaya otha kale. Kena mwa ito ntchito yake ndi kuonetsa zikalata pomwepo munthu akadina, ndipo kakakhala kakale kapena kosapangidwa bwino, kamalephera kunyamula patani yaikulu ya masamba ambiri, n'kugwetsa kompyuta yonse.

Anandilondolera pa foni pamene timapulogalamuto timakhala, nandiuza kuti ndizimitse tonse. Ndinatsegula patani. Inatseguka yonse, mizere yake ili nyaa, kompyuta ili phee. Ine ndinafuna kudumpha, koma Mayi Sizasi anandikhazika pansi, akuti wolakwa sitinamugwire. Ndiye ndinayamba kuyatsa kamodzikamodzi, ndikayatsa n'kuyesa, ndikayatsa n'kuyesa. Nditafika pa kena ka chizindikiro chofiira, kulira kuja kunayamba, sikirini n'kuda. Sindinasangalalepo ndi imfa ya chinthu ngati tsiku limenelo.

Ndinkati ndikachotse nthawi yomweyo, koma mayiwa anakana. Anadikira abwana abwere, n'kuwapempha mwaulemu wawo wochepawo kuti akhale pa mpando adine okha pa patani. Kompyuta inafera m'manja mwawo. Kenaka ndinakachotsa iwo akuona, anadinanso, patani n'kutseguka bwinobwino, poti bulawuzayo payokha imatha kale kuonetsa zikalata. Abwana ananena kuti anatsala pang'ono kutaya telala chifukwa cha kanthu kochepa ngati batani. Amene anakaikamo sakudziwika mpaka lero, ngakhale a Jekete nkhaniyi ikayamba amakonda kuyang'ana kudenga.

Chichotsereni kanthuko, kompyuta sinafenso. Mwezi utatha abwana anandiitananso mu kaofesi kaja, ulendo uno n'kundiuza kuti ntchito ndi yanga. Anandipatsa makina a pafupi ndi windo, amene aliyense amawasirira. A Jekete nawo tsopano amayamba aiona patani asanasindikize, ndipo akuuza anthu kuti nzeru imeneyi anali nayo kale.

Nditapita kukawathokoza Mayi Sizasi, anangoti ndisawataitse nthawi, ndipo mipendero yanga idakapendekerabe kumanzere. Koma tikutseka shopu anayenda nane mpaka pokwerera basi. Anandiuza kuti anandimva tsiku lija ndikuyankhula ndi mwana pa foni kuseri kwa chitseko. Akuti iwonso anasiya mwana kwa makolo ali mtsikana, n'kumangoti chaka chamawa, chaka chamawa. Pamene ankakamutenga, mwanayo anawagwadira ngati alendo n'kuwatcha azakhali. Ananena zimenezi akuyang'ana kumsewu, basi yawo itafika anakwera osatsanzika. Ine ndinatsala pamenepo misozi ili chuchuchu, anthu akundiyang'ana.

Tsopano pempho langa ndi limodzi, Bambo. Chipinda ndapeza, malo a sukulu andilonjeza, ndipo nsalu ya yunifolomu ndagula kale. Dzulo ndinaiyala pa tebulo, choko m'manja, n'kuzindikira kuti sindikudziwa kuti mwana wanga wafika pati. Ndimayeza anthu achilendo tsiku ndi tsiku, koma wanga yemwe ndikungomuyerekeza. Zinandipweteka kwambiri.

Chonde mutenge tepi yanu mumuyeze: pachifuwa, m'chiuno, m'mapewa, mkono, ndi kuchokera paphewa kufika pabondo. Muyeze inuyo, mutavala magalasi. Amayi asagwire tepi, chifukwa adzawonjezera za kukula mpaka mwana adzalowa m'kalasi atavala tenti. Miyezoyo achimwene anditumizire pa foni.

Ndikudziwa kuti tepi ikangomukhudza mafunso ayamba, ndipo sadzakusiyani mpaka mutayankha. Ulendo uno musamuzembe ngati mmene ndinamuzembera ine. Mumuuze kuti amayi ake akumusokera yunifolomu ya sukulu ya kuno, ndipo chikwama chija anyamule.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudziwa kuti nyumba idzawakulira mdzukulu akachoka, ndipo zimene andichitira pomulera sindidzatha kubweza. Moni kwa achimwene ndi alamu anga, kwa azakhali, ndi kwa amalume amene amati mumzinda mulibe anthu achifundo. Muwauze kuti ndamupeza mmodzi, ngakhale saseka.

Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane sukulu ikatsekera.

Ndine mwana wanu,
Make Mafunso