Dothi la m'thumba la Tadala

Amayi, kumene muliko mukudzuka bwanji? Kuno ku Soche tilipo. Alamu anabereka mwana wamkazi, amupatsa dzina lanu. Chimanga cha m'phiri chinapsa ndi dzuwa.

Koma ndakulemberani za mng'ono wanga Tadala. Akusewerabe hoke, mpira uja amamenya ndi ndodo zopindika. Mwezi wathawu anayamba kubwera kumasewera ali wefuwefu, kumangogona, kudandaula chizungulire. Tsiku lina ndikuchapa ndinapeza dothi lootcha m'thumba la siketi yake, lija amagulitsa mumsika wa Limbe. Paja inu munkati mtsikana akayamba kudya dothi usamufunse, uyambe kusoka matewera.

Mukundidziwa, kulankhula kumandivuta. Sindinamufunse. Ndinakwera minibasi kukauza azakhali ku Bangwe. Anabwera, namukhazika pamkeka kuti atchule mwamunayo. Tadala anakana mpaka kulumbirira manda anu. Azakhali anati woyembekezera sathamanga, ndodo yake anapita nayo. Milungu iwiri sanaponde pabwalo, nthawi yomwe akusankha atsikana okasewera kunja.

Lachitatu akochi a timu yawo ya hoke anatipeza pakhomo ndi pepala. Kani timu yonse inatengedwa magazi, kuti aone amene thupi lake likuchedwa kubwerera mwakale akathamanga. Anati magazi a Tadala aperewera ayironi, chimene chimawapatsa mphamvu, n'chifukwa chake akutopa ndi kulakalaka dothi. Tinapita kuchipatala. Anamwino anamuyeza, mimba palibe. Anamupatsa mapilisi, n'kunena kuti azidya chiwindi, usipa ndi bonongwe, tiyi asamamwere pachakudya.

Sindinkadziwa kuti kabotolo ka magazi kangamunenere munthu zoona pamene abale ake amukana. Panjira Tadala anangolankhula kamodzi: "Achemwali, mukanangondifunsa."

Akochi ati adzamuyezanso, magazi akakwera apita nawo kunjako. Ndodo ndakamutengera kwa azakhali, chiwindi ndikumuphikira. Amadya, koma sandiyang'ana. Nkhani ya mimba inafika kale kutchalitchi, amayi ena akumamuyang'ana pamimba akamadutsa.

Ndimakukondani monga kale, ndipo ndikulonjeza ichi. Lamulungu tikaweruka ndidzaima pamaso pa amayi amvano, ine amene sindinayambe ndalankhulapo pagulu. Mawu anjenjemere bwanji, ndidzanena kuti mwanayu alibe mlandu, bodzali linachokera pakamwa panga.

Ndine mwana wanu,
Esinati